Chingerezi cha a Sadick

Aliyense amene anasoketsapo chovala pa msika wa Nkhotakota amawadziwa a Sadick, telala wa pakhonde la golosale yoyang'anana ndi pokwerera maminibasi. Ndi munthu wamfupi, wa dazi lowala, ndipo tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo ngakhale popita ku mzikiti. Kusoka amasoka bwino ndithu, koma chimene anatchuka nacho si singano ayi. Anatchuka ndi Chingerezi.

Anabadwira ku Liwaladzi m'banja la asodzi, ndipo mwa ana asanu ndi atatu, ndi iwo okha amene anaponda ku sekondale. Anathera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Chingerezi chawocho anachitolera m'njira ngati nkhuni. Choyamba anachitenga kwa mphunzitsi wa ku Dwambazi amene ankakweza ndi kutsitsa mawu monga achitira anthu a Chitonga. China anakachitola ku minda ya nzimbe, kwa kapitawo wochokera kunja amene ankayankhulira m'mphuno. Chotsalacho anachipeza m'sitolo ya Mmwenye m'mene anaphunzirira makina osokera. Zonsezi zinakumana m'kamwa m'modzi, pa lilime la kunyanja limene silifuna kuti liwu lithe lopanda mchira.

Koma mawu ankawadziwa, kuposa akalaliki ena amene amatiyang'anira pansi m'maofesi a pabomapa, ndipo amene wakwiya akwiye. Anthu ankabwera ndi makalata a kuchipatala ndi mafomu a ntchito, iwo n'kuwerenga mokweza, kenaka n'kumasulira. Mzungu akasochera, anyamata a kabaza ankamukokera kwa a Sadick. Mzunguyo ankayamba wakwinya nkhope, n'kutchera khutu, kenaka n'kumva, n'kumapita kumene ankafuna.

Anakwatira mochedwa, ndipo iwo ndi akazi awo, a Maimuna, anadalitsidwa ndi mwana mmodzi yekha, Zahra. Kuyambira ali Sitandade 2, mwanayu akaweruka ankafikira pakhondepo, kukhala pa thumba la zigamba, n'kutsegula buku. Bambo akupalasa makina, mwana akuwerenga. Akapunthwa pa liwu, phazi linkaima, bambo n'kulitchula, mwana n'kubwereza. Pofika Sitandade 8, Zahra ankawerenga chilichonse chimene chagwa m'manja mwake, mopanda mantha, ndi mawu okweza moti amayi ogulitsa mpunga patsidya pa msewu ankasiya kutsatsa. Ndipo ankayankhula ndendende ngati bambo ake, zimene a Sadick ankanyadira osabisa.

Chaka chimenecho bungwe lina linalengeza kuti litenga atsikana awiri m'boma lonse kuti akaphunzire ulere pa sekondale yogonera ya ku Lilongwe. Mayeso olemba Zahra anakhoza, analowa m'gulu la atsikana khumi. Chotsala chinali kukaima pamaso pa anthu atatu a bungwelo, kuwerenga ndime, n'kuyankha mafunso pakamwa. Kwa mwana wa telala wa pakhonde, khomo lolowera sukulu yoteroyo linali limeneli basi.

Masana ena kunabwera Madamu Flossie, mphunzitsi wa Zahra wa Chingerezi, atanyamula nsalu yoti asoketse. Sanali munthu woipa mtima, zimenezo zinenedwe. Anakhala pa benchi, anayamikira nyengo, anadandaula za fumbi, mpaka anafika pa chimene anadzera.

"Bambo a Zahra, mundikhululukire. Mwanayu nzeru ali nazo, koma katchulidwe kake n'ka kunokuno kwambiri. Anthu a ku Lilongwe aja akangomva, aganiza kuti sadziwa. Ine zinandionekera nditapita ku koleji. Anandiseka chaka chathunthu, mpaka ndinkalira."

"Kodi akumalakwitsa mawu, Madamu?"

"Kulakwitsa ayi. Kungoti akumveka ngati inuyo."

Phazi la a Sadick linachoka pa chopalasira. "Ndiye ine nditani?"

"Miyezi itatu yokhayi musamawerenge naye. Musamamuyankhule Chingerezi. Ndimuikira mawu a azungu mufoni kuti azimvera."

A Sadick ananena kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Anathokoza, anawayeza Madamuwo m'chiuno ndi m'mapewa, n'kuwauza kuti adzatenge diresi Lachinayi. Zinawapweteka kwambiri, ndipo chopweteketsa chinali chakuti analibe potsutsira. Ku Lilongwe anapitako kawiri kokha moyo wawo wonse, konseko kokagula zida za makina. Akanadziwa bwanji zimene anthu ophunzira a kumeneko amafuna kumva?

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde panangotsala phokoso la makina. Zahra ankabwerabe, kukhala pa thumba lake, timawaya ta foni m'makutu, akubwereza chapansipansi zimene mayi wachizungu wosaoneka ankanena. Akapunthwa ankakweza maso mwachizolowezi, bambo n'kuweramira nsalu ngati msoko wavuta.

"Ababa, liwu ili amati chiyani?"

"Ukafunse Madamu mawa, mayi wanga. Ine lilime langa n'lokhota, ndingakuwonongere."

Ankanena moseka kuti mwana asaone chilonda. Ananena tsiku loyamba, ananenanso lachiwiri, mpaka nthabwalayo inazolowereka. Obwera ndi makalata ankawauza kuti abwere m'mawa, Zahra ali kusukulu. Tsiku lina a kabaza anabweretsa azungu awiri ofunsa njira ya ku Dwangwa mwanayo ali pomwepo, ndipo a Sadick, munthu wodziwa mawu onsewo, analoza ndi chala ngati mbuli.

A Maimuna ndi amene anaona kuti zinthu sizili bwino. "Abambo ake Zahra, mwanayu ankamveka mpaka kumsika wa nsomba, lero akunong'ona. Inu simukuona?"

"Akuphunzira chenicheni," anayankha a Sadick. "Chathu chija chinali chongoyendera."

Mumtima ankaona, koma akanatani? Akati atsegule pakamwa, ankaopa kumutsekera mwana khomo. Akati akhale chete, ankamuona mwanayo akufota. Kusukulu nako Madamu ankamuimitsa pa liwu lililonse, mwachikondi ndithu, kumuuza pokhazika lilime ndi potsekera milomo. Zahra anayamba kuyeza liwu kawiri katatu asanalitulutse.

Tsiku la mafunso a Sadick anatseka makina, chinthu chimene sachita kupatula pa Idi ndi pa maliro. Anaperekeza mwana wawo atavala yunifolomu yatsopano imene anaisoka okha, n'kuima panja pa holo pamodzi ndi makolo ena. Atsikana ena ankakhalitsa m'katimo. Zahra analowa, ndipo a Sadick asanamalize n'komwe kucheza ndi bambo wina amene anaima nawo pafupi, anamuona akutuluka. Panjira yonse yobwerera iwo anaopa kumufunsa.

Patapita masabata awiri maina anatuluka, la Zahra panalibe. Mmodzi mwa awiri osankhidwawo anali mtsikana wa ku Dwambazi amene a Sadick anamumva tsiku lija akucheza ndi anzake panja, Chingerezi chake chonunkhira Chitonga kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza. Madamu Flossie anabwera okha pakhondepo, maso ali pansi.

"Ndafunsa kuti chinavuta n'chiyani," anatero. "Akuti za katchulidwe sanaziganizire n'komwe. Akuti mwanayu sanayankhule. Bambo a Zahra, ine ndimati ndikuthandiza."

A Sadick sanawakalipire. Akanakalipira ndani, poti Madamuwo anangopereka mantha amene nawonso anapatsidwa ndi ena? Anangoti zikomo pobwera.

Zahra ataweruka anafika n'kuima pafupi ndi makina, chikwama chili kumsana. Bambo ake anadula ulusi, anapinda nsalu, anaipindulanso, kenaka analimba mtima.

"Mayi wanga, kodi mafunso aja anali ovuta?"

"Ayi, Ababa. Onse ndimawadziwa."

"Nanga bwanji?"

Mwanayo anayang'ana zala zake. "Ndikati nditsegule pakamwa, ndimamva kuti likubwera ndi liwu lanu. Ndiye ndimalibweza kuti ndifune la mufoni lija, koma silimabwera msanga. Akadikira, amafunsa funso lina. Nalonso chimodzimodzi."

A Sadick anamva chisoni chimene sanachimvepo chimwalirireni bambo awo. Anafuna kumuuza kuti liwu limenelo silinali lochititsa manyazi, kuti linathandiza anthu ambiri pamsikapo, kuti akanangolimasula. Koma amene anamuuza kuti n'lokhota, tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu, anali iwo omwe. Anafunafuna chonena m'Chichewa, anafunafuna m'Chingerezi, osachipeza. Zahra anaona nkhope ya bambo ake ikugwa, ndipo anaganiza kuti akudandaula kuti sanamvere malangizo.

"Musadandaule, Ababa," anatero. "Ndinayesetsa. Sanakumveni ngakhale pang'ono."