Pamtunda Popanda Udzudzu

Ndikukumbukira bwino kuti dandaulo langa loyamba pa nkhaniyi ndinalipereka chaka chimene tinasamuka kuchoka kudambo, ndili mu Sitandade 3. Ndinalipereka pakamwa, nʼchifukwa chake lilibe umboni. Kuyambira pamenepo sinditaya pepala, ngakhale tikiti ya basi.

Agogo athu atachokera ku Mozambique anamanga mʼmbali mwa dambo, ku Chigaru. Madzi anali pafupi, malungonso anali pafupi. Mlongo wathu wakhanda atatisiya, abambo anakamanga pamwamba pa chitunda cha miyala, pomwe mphepo siileka. Anatisonkhanitsa nʼkulengeza kuti udzudzu sungakwere kumeneko, mapiko ake ndi ofooka. Anaikanso lamulo loti mwana wamwamuna asapondenso kudambo.

Chimene abambo sanachiganizire nʼchakuti madzinso sakwera phiri. Dera lathu la Lirangwe nʼlotentha, ndipo mvula imabwera ikafuna. Amayi ndi azilongo anga ankatsika ndi kukwera mpaka makosi kuuma. Pofuna kuchepetsa maulendo, amayi anandandalika mitsuko pakhonde la kuseri, pamthunzi, pamodzi ndi mgolo wolandirira madzi a mvula. Pamalopo pankanunkhira dothi lonyowa, ndipo madzi ake ankazizira mpaka mʼmano. Ukasuzumira mumtsuko unkaona tinyongolotsi tikuvinavina. Amayi ankati ndi umboni woti madziwo ndi abwino, poti ngakhale tamoyo tikukhalamo, ndipo akumwa ankangowasefa ndi kansalu.

Mvula itayamba, miyendo yanga inadzaza totupa. Abambo anandiimika pabwalo nʼkuyangʼana mwendo uliwonse.

“Wapita kudambo iwe.”

“Iyayi ababa, udzudzu wandiluma pompano, masana.”

“Udzudzu wa masana? Pamtunda pano?”

Apa mʼpamene achimwene a Wyson, mkulu wanga, amene ankazembera kudambo tsiku ndi tsiku kukagwira nkhanu, anatsokomola. “Ndinamuona ine ababa. Amasambira.”

Chilango changa chinali choti ndikaweruka kusukulu ndizikhala pakhonde la kuseri, ndikuingitsa nkhuku ndi mbuzi pamitsuko. Ndinamvera. Ndinkakhala pamphasa, msana nditatsamira mgolo, ndipo udzudzu wakuda wa mawanga oyera mʼmiyendo unkandipeza pomwepo osavutika nʼkuuluka mtunda. Totupa tikachuluka, mlandu wanganso unkakula. Abambo anafika pouza alendo kuti mwanayu ndi katswiri, amazemba anthu akumuyangʼana.

Kenako ndinagona. Thupi linatentha, kuseri kwa maso kunkapweteka, mafupa ngati wina akuwathyola mmodzimmodzi. Amayi ankandiika nsalu yonyowa pamphumi, yoviika mumtsuko womwewo. Akuluampingo anabwera kudzapempherera mwana wosamvera, ine ndili gone ndikumva. Ndinachira, koma ndinadzuka ndi dzina latsopano lochokera kwa achimwene: Adambo. Kusukulu linandimata, paukwati wanga linatchulidwa, ndipo abambo anamwalira akukhulupirira kuti ndinawanamiza.

Lero chitunda chija chadzaza nyumba. Dambo limaphwa msanga, kutentha kumatalika, mvula imachedwa kenako nʼkugwa yonse pakamodzi. Choncho khomo lililonse lili ndi migolo ya pulasitiki, ndipo pamalata pali matayala otsinjirira denga, lililonse ndi kadziwe kake mkati. Dzinja lapitali ndili kwa achimwene, amene anatsala pamalo a abambo, kunabwera mlangizi wa zaumoyo. Anasuzumira mumgolo nʼkufotokoza kuti udzudzu wa mawanga uja suswana mʼmatope a kudambo. Umakonda madzi oyera osungidwa pakhomo, umaluma masana, ndipo kumadera otentha umafalitsa matenda otchedwa dengue. Achimwene anagwedeza mutu ngati dokotala mnzake.

“Zimenezo ife tinazidziwa kalekale, mwanawe,” anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. “Adambo, tavundikirani mgolowo.”

Sindikunena kuti chimene ndinadwala chinali dengue. Palibe anandiyeza, ndipo ine sindilemba chinthu chopanda umboni. Chimene ndikunena nʼchakuti kudambo sindinapiteko. Achimwene ndawalembera kale makalata, makope ake ndili nawo, koma yankho lawo limakhala loti ndi zachibwana, tizingoseka. Adzukulu anga ayamba kundifunsa ngati Adambo ndi dzina langa la ubatizo.

Choncho achimwene a Wyson, mwaulemu wonse, ndikukupemphani pamaso pa onse owerenga izi kuti mundiyankhe molemba, ndi siginecha yanu pansi, ngati munandionadi ndikusambira tsiku limene lija. Yankholo lindipeze tisanakumane pomanga chiliza cha abambo, chifukwa ndikufuna kukaliwerenga pamanda pawo.