Manja Anayi a Mchere

Ine ndili ndi tiyirumu pafupi ndi msika wa Chilomoni, ndipo buledi ndakhala ndikutenga pa bekale ya a Dominiko Zuze kwa zaka khumi ndi chimodzi. Choncho za Filomena sindinachite kumva kwa anthu. Ndinkamuona m'mawa uliwonse, fulawa ali mbuu mpaka m'nsidze.

Bekaleyo ndi ya pabanja. A Dominiko anachoka ku Nsanje ali mnyamata, anagwirako ntchito yokanda buledi ku Limbe, kenako n'kumanga uvuni wawo wa njerwa kuseri kwa nyumba. Mwana wawo wamkulu, Samuel, ankasonkhezera moto. Wamng'ono, Yohane, ankagawa buledi pa njinga yamoto. Filomena analowamo ngati mkazi wa Yohane, wolowoledwa bwinobwino. Ntchito ya pabanja ili ndi kukoma kwake, sugona ndi njala ndipo ukadwala sakudula tsiku. Koma holide kulibe, ndipo bwana amene wakukalipira m'mawa ndi yemweyo upemphere naye kolona madzulo.

Filomena anayamba ndi kupaka mafuta m'matini. Nyamakazi itapinda zala za a Dominiko, ntchito yosakaniza ndi kukanda inagwera iye. Sikelo panalibe. Pakhoma mkuluyo analemba ndi khala kalekale: fulawa ndowa imodzi, shuga makapu awiri, mchere manja anayi. Manja a ndani, khomalo silinanene. A Dominiko ndi ochepa thupi, ndipo zinangochitika kuti chikhatho cha mpongozi wawoyo chinkatapa ndendende ngati chawo.

Banjalo ndi la Chikatolika chenicheni, koma za mchere sasewera nazo. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'chakudya, kuopa kudwalitsa anthu. Masiku oterowo wothira mchere anali Yohane, amene anali atadziwa kuti manja anayi a mkazi wake ndi manja ake awiri ndi theka. Izi zinali za awiriwo basi. Nkhani zotere sakambira pamaso pa apongozi.

Mu Malichi 2023, m'mawa wa tsiku limene mvula ya Freddy inagumula phiri, Yohane anali atapita kukasiya buledi ku Manje. Anamupeza patatha masiku atatu. Njinga sinaoneke mpaka lero.

Maliro atatha, mayi a Yohane analamula kuti namfedwa sakhudza mchere mpaka atameta ndi kusudzulidwa. Akuluakulu oyendetsa mwambowo anayenera kuchokera ku Nsanje, ndipo msewu wa kumeneko unali utaduka. Filomena analoledwa kukanda, koma mchere unagwera Samuel, munthu wa manja ngati fosholo. Anayang'ana pakhoma n'kutapa kanayi.

"Alamu, wachuluka umenewo," anatero Filomena.

"Khoma likuti anayi, alamu. Kusukulu ndinapitako ine."

Buledi wa tsiku limenelo sanafufume, ndipo ankawawa ngati nsomba yamchere. Mawa lake Samuel, mopsa mtima, anangowaza pang'ono, buledi n'kutuluka wozizira. Ramsey, kondakitala amene amamwa tiyi kwa ine tsiku lililonse, analuma kamodzi n'kufunsa kuti, "Mayi, uyu ndi buledi wa Lenti eti?" Ndinene zoona, nanenso ndinayamba kukatenga wa m'sitolo. Chisoni ndinali nacho, koma kasitomala samwera tiyi chisoni.

Filomena sanamulangizenso Samuel, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati sanadalitsike ndi mwana. Mkazi wamasiye wopanda mwana akasudzulidwa amauzidwa kuti ndi womasuka, ndipo kumasukako tanthauzo lake aliyense amalidziwa. Kwawo ku Nsanje madzi anali atakokolola nyumba ndi munda womwe. Brenda, mkazi wa Samuel, anali atayamba kale kuvala epuloni n'kumazungulira pa tebulo lokandira. Tsiku lina ndikutenga mabanzi, Filomena ananditambasulira chikhatho n'kunena motsitsa mawu, "Chondisunga pakhomo pano ndi ichi, mayi."

Akuluakulu anafika mu Meyi. Anamumeta, anamusudzula, anabwerera. M'mawa wotsatira ndinali pomwepo ndi dengu langa, chifukwa ndinamva kuti mwini mchere wabwerera pa ntchito. Tisanayambe n'komwe kupatsana moni, a Dominiko analowa atanyamula chitini chopanda kanthu cha majarini ndi msomali.

"Apongozi, tsopano mwamasuka," anatero. "Tatapani manja anayi muthire umu."

Filomena anayang'ana chitinicho, anayang'ana msomali. Brenda anali ataima pakhomo, manja m'thumba la epuloni. Panalibe akanadziwa kuti wawonjezera kapena wachepetsa, chifukwa yekhayo wodziwa muyezo wake anali kumanda, ndipo zala za mkuluyo sizikanatha kutsimikiza. Ine mumtima ndinkati, mwana iwe, ukangowonjezera theka la dzanja apa, muyezo wa chitinichi ulakwika, ndipo ukhala pano zaka zina khumi.

Anatapa kanayi, akusalaza ndi chala chachikulu monga ankachitira masiku onse. A Dominiko anagwedeza chitini kuti mchere ukhazikike, n'kukanda mzere ndi msomali uja movutikira.

"Zikomo apongozi," anatero, maso ali pachitini.

Palibe anamuthamangitsa. Pabanja sathamangitsa munthu. Kungoti sabata yotsatira Brenda ndiye anali pa tebulo lokandira, Filomena wabwerera ku matini ndi mafuta. Kenako kunamveka kuti chipinda chimene ankagona n'chouma bwino, chingasunge matumba a fulawa. Pofika Julayi anamanga katundu wake, ndipo a Dominiko anamuperekeza mpaka pa siteji, akupukuta misozi ndi manja opindika aja. Sindikukayika kuti misoziyo inali yeniyeni.

Pano amakhala ku Bangwe, kwa mkulu wake. Amawotcha masikono mu uvuni wa mgolo n'kumagulitsa pa geti la sukulu ina. Ndinakumana naye ku Limbe chaka chatha, tsitsi litamera, akugula yisiti. Ndinamufunsa chimene ndinakhala ndikufuna kumufunsa, kuti bwanji sananamize muyezo tsiku lija.

"Akanadya buledi woipayo ndani, mayi? Si anthu omwe aja ankadya wa ine?" Anaseka pang'ono. "Komanso dzanja linangotapa mmene limatapira."

Buledi wa kwa a Zuze anabwerera mwakale, ndisawanamizire, ndipo ndimatenga komweko. Chitini chija chimakhala pa msomali pambali pa uvuni. Pakhoma, pamene panali manja anayi, Samuel anafufuta n'kulembapo kuti chitini chimodzi.