Nsinjiro za Apongozi

Nyama ndinaisiya chifukwa cha mantha. Anzanga kusukulu kumene ndimaphunzitsa ankati ndikufuna kuonda, ena ankati ndalowa mpingo wachilendo, koma zonsezo zinali nkhambakamwa. Mayi anga anagwa akusinja kwathu ku Mulanje, mbali imodzi n'kufa, ndipo sanayankhulenso mpaka tinakawaika m'manda. Nditabwerako kumaliro ndinapita kukayezetsa, nesi n'kundiuza kuti bipi yanga nayo yakwera. Anati ndichepetse mchere ndi zamafuta. Tsono ine ndi mtima wangawu zochepetsa sindizidziwa. Ndinasiya zonse: nyama, nsomba, mazira, ngakhale mkaka wa mu tiyi. Amuna anga anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mayi, ndiye mwasanduka mbuzitu," anatero.

"Munaonapo mbuzi ikudwala bipi?" ndinawayankha.

Tinkakhala pa Boma, ku Mchinji, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Amuna angawo ndi akonkuno, kwawo ndi kumidzi ya ku Ludzi, ndipo amanyamula anthu ndi katundu pa njinga yamoto kupita kuboda, nthawi zina mpaka ku Chipata. Zinthu zikachedwa ankagona komweko.

Munthu wosadya nyama ku Mchinji sagona ndi njala, chifukwa mtedza uli paliponse. Apongozi anga amalima wambiri, ndipo atamva kuti ndasiya nyama anatitumizira thumba lathunthu, ati mkazi wa mwana wawo asafe ndi nkhuli. Ndiye ndinayamba kutendera chilichonse. Nkhwani wotendera, mpiru wotendera, kholowa, chisoso, maungu, zonse nsinjiro. M'mawa chiponde pa buledi, pa buleki mtedza wokazinga wa m'chikwama. Ndinkachita kudzitama mu sitafu rumu kuti ine ndidzakuikani nonse m'manda, inu a kanyenya.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ndikangotha kudya, lilime linkayabwa ngati ndanyambita chitedze. Ndinkalikanda ndi mano, kumwera madzi, patapita nthawi n'kusiya. Kenaka linayamba kufiira, m'mbali mwake n'kumang'ambika timizere towawa. Masiku ena mlomo wam'mwamba unkatupa, ndikamaphunzitsa mawu n'kumatuluka olemera, ana n'kumagwirana pakamwa kubisa phwete. Ndinkawakalipira.

Ndinayamba kusakasaka wolakwa. Ndinati ndi soda wa m'therere, ndinasiya therere. Ndinati ndi tsabola, ndinasiya. Tomato, chinanazi, mankhwala otsukira mano, zonse ndinaziimba mlandu n'kuzithamangitsa m'nyumba. Ndipo chilichonse chimene ndinkasiya, m'malo mwake ndinkaonjezera nsinjiro kuti ndiwo zikomeko. Mtedza sindinauganizire ngakhale tsiku limodzi. Ndinakula ndikudya mtedza ine, ukanandiyamba bwanji ndili mayi wa ana?

Kunena zoona ndinkaopa kwambiri. Ife a msinkhu wathu tikudziwa chimene anthu amaganiza akaona munthu akuonda, m'kamwa muli zilonda. Tinaika abale ambiri amene anayamba chomwecho. Ndinkaona mmene azimayi a pamsika ankandiyang'anira ndikamagula masamba, n'kumandifunsa mokoma mtima mopitirira muyeso kuti, "Koma muli bwino, amadamu?" Ndinalimba mtima n'kukayezetsa magazi osauza munthu. Anandipeza ndilibe kachilombo. Ndimayesa ndisangalala, koma ndinatuluka ndi mantha ena atsopano, chifukwa matenda odziwika dzina amakhalako ndi mankhwala ake. Angawa analibe dzina.

Mbiri inafika kumudzi, apongozi n'kubwera okha. Ndi mayi wamfupi, wosachuluka mawu, ndipo chikwatiwireni amanditchula kuti aphunzitsi. Asanamwe ndi madzi omwe anandikhazika pa mkeka pakhonde.

"Aphunzitsi, tatulutsani lilime."

Ndinatulutsa. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundigwira masaya, n'kudina mlomo wotupawo ndi chala.

"Ili ndi tsempho," anatero motsitsa mawu.

Tsempho ndinkalimva kuyambira ndili mwana. Akuluakulu amati mwamuna akayenda ndi mkazi wina kunja n'kubwera kudzadya ndi kugona pakhomo ngati palibe chachitika, wina m'nyumbamo amadwala, amatupa, mwinanso kufa kumene. Amatinso zimalowera mu mchere, ngati wothira m'ndiwoyo sali bwino m'thupi. Ndikanakhala wamoyo bwinobwino ndikanaseka. Koma munthu amene lilime likumuwotcha tsiku ndi tsiku amagwira chilichonse chimene wapatsidwa.

Amuna anga atafika, mayi awo sanawapatse ndi mpata woimika bwino njinga.

"Iwe, ku Chipata kumene umagonako, umagona kwa yani?"

"Amayi, mukunena chiyani?"

"Ndakubala ndine. Ukufuna kundiphera mwana wa eni ake?"

Analumbira, anatchula Mulungu, anatchula manda a bambo awo. Ine ndinangowayang'ana, mtima ukuwira. Ndinakumbukira masiku onse amene anaimba foni kuti boda yatsekedwa, agona konko. Madzulo ake ndinatenga bulangete lawo n'kuliponya pabalaza. Ndinawauza kuti ndikafa asadzayerekeze kulira pamaliro anga.

Apongozi analanda khitchini. Anati kuyambira tsiku limenelo palibe wogwira mchere koma iwo okha, poti ndi okalamba, thupi lawo linazizira kale. Anabweretsa timizu toti ndizivumata, ndipo poona kuti zolimba zikundivuta kutafuna, anati andiphikira chakudya cha odwala. Kuno wodwala amapatsidwa phala la mgaiwa lotendera, ndipo wodwala amene amakondedwa amamuthirira nsinjiro zambiri. Anasankha okha mtedza wonenepa, kusinja, kusefa, n'kuthira mosaumira mpaka phala kuchita mafuta pamwamba.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litakwera kale. Anandipatsa mbale yodzaza n'kukhala pambali panga.

"Mumalize, aphunzitsi. Mphamvu zili m'menemo."

Lilime linayamba kuyabwa pa supuni zoyambirira zomwe, koma ndikanawakanira bwanji mayi woti wasiya munda wake kudzandisamala? Ndinamaliza. Ndisanaike mbale pansi ndinamva lilime likukula m'kamwa, likukankha mano. M'manja ndi m'khosi munayamba kuyabwa, zidzolo zikuluzikulu n'kutuluka m'mikono. Ndinati ndiitane amuna anga, amene ankatsuka njinga panja, koma mawu amene anatuluka sanali anga. Pammero panali ngati wina wamangapo chingwe ndipo akukoka pang'onopang'ono. Ndikakoka mpweya pankalira kakhweru.

Mayo ine, mantha amenewo sindingawafunire ngakhale mdani wanga. Maso ali penye, anthu ukuwaona, mpweya uli mbwee pabwalo ponse, koma iwe wokha sukukufika. Ndinaganiza za mayi anga ali gone pa mphasa, akutiyang'ana, akulephera kutchula dzina la mwana wawo. Ndinati basi, yanga yafika, ndipo ndifa ndisanatsanzike ana.

Apongozi anakuwa. Amuna anga anandinyamula ngati thumba n'kundikhazika pa njinga, mayi awo n'kukwera kumbuyo kuti azindigwira. Njira yonse ankandifuulira m'khutu kuti, "Pumani, aphunzitsi, pumani!" ngati kuti ndinkachita dala. Ndimakumbukira hutala ikulira, anthu akuthawa mumsewu pamsika, patapata wanga mmodzi akugwa. Zina sindikumbuka.

Kuchipatala sanandiimike pamzere. Anandibaya jakisoni pantchafu, wina pamkono, n'kundiveka chopumira kumaso. Pang'onopang'ono chingwe chija chinamasuka. Ndinalira ngati mwana, amuna anga atagwira phazi langa lopanda patapatalo.

Dokotala anali mtsikana wodekha. Anandifunsa chimene ndinadya m'mawawo, ndi dzulo lake, ndi masiku onse kuyambira pamene ndinasiya nyama. Ndikamatchula, iye ankangobwereza mawu amodzi: "Zotendera? Nazonso zotendera?" Pomaliza anati akuganiza kuti thupi langa layamba kudana ndi mtedza. Anati zimachitika, munthu ukhoza kudya chinthu kuyambira ubwana, thupi n'kudzachikana ukulu. Ananenanso poyera kuti zipangizo zotsimikizira alibe, ndiponso kuti kung'ambika kwa lilimeko mwina n'kusowa kwa zina zimene thupi limapeza mu nyama ndi mazira, n'kundilembera mapiritsi ake. Koma pa za mtedza anakweza chala.

"Amayi, musadzalawenso. Ngakhale pang'ono. Ulendo wina mwina simudzafika kuno."

Apongozi anali ataima pakhomo, atagwira chibwano.

"Mtedza?" anafunsa. "Mtedza womwewu? Adokotala, ife tonse kwathu tinaleredwa ndi mtedza. Unaphapo ndani?"

Thumba lija tinapatsa aneba. Mtondo, sefa ndi mipoto zinatsukidwa ngati pachitika maliro. Ndinatsala ndi nyemba, nandolo, khobwe ndi masamba ofwafwaza, chakudya chosasangalatsa koma chosaluma. Kuyabwa kunatha, milomo inaphwa, lilime linapola. Bulangete la amuna anga ndinakalitenga ndekha pabalaza, iwo n'kungoti, "Ndiye Chipata wapezeka wosalakwa eti?" Mwamanyazi ndinangokaliyala pabedi.

Koma apongozi anabwerera kumudzi ndi maganizo awo. Kwa iwo ndinachira chifukwa cha timizu tija, komanso chifukwa mwana wawo anachita mantha n'kusiya zimene ankachita. Za mtedzazo ankati n'zachizungu.

Mantha sanandichoke. Pamaliro, paukwati, pa msonkhano wa aphunzitsi, mbale ikabwera ndinkayamba ndafunsa kuti muli chiyani, ndani waphika, mthiko wake unavundulapo chiyani. Anthu ankandiona ngati wamatama. Wina anandinena ndikumva kuti, "Awa ndiye ovuta, nyama ayi, mtedza ayi, adya mphepo?" Ndinkangomeza mawu, ine amene sindimezera munthu. Mwana wanga akabwera kuchokera kosewera ndinkamununkhiza m'manja asanandigwire kumaso.

Nthawi yokolola itafika tinapita kumudzi kukaona apongozi. Bwalo lonse linali mtedza wokhawokha, wina uli pa mikeka, wina m'madengu, azimayi akuthothola pansi pa mtengo wa mango. Ndinadutsa pakati pake nditakwinya chitenje ngati ndikuwoloka madzi. Apongozi anandilandira ndi manja awiri. Anati odya nyama awaphikira nkhuku, koma ine andikonzera nkhwani wanga pandekha, m'kamphika kakekake. Amuna anga anali atangotuluka pa njinga kukasiya amalume awo kuchigayo, kutsidya kwa dambo.

"Amayi, mulibe nsinjiro m'menemu?"

"Mulibe, aphunzitsi. Tomato ndi mchere basi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Aaa, mesa ndanena? Idyani."

Ndinayang'ana nkhwaniyo. Anali wobiriwira bwino, msuzi wake wofiirira, wosaoneka choyera chilichonse. Kufunsa kachitatu kukanakhala kuwatukwana. Ndinasamba m'manja n'kuyamba kudya. Anakhala moyang'anizana nane, osadya, maso awo akutsatira dzanja langa kuchoka m'mbale kufika pakamwa. Nditadya kangapo ndinaona nkhope yawo ikuwala. Anaomba m'manja n'kuitana azimayi a pansi pa mango aja.

"Tabwerani mudzaone! Adya, ndipo ali bwinobwino! Mwaona, aphunzitsi? Ndinathiramo pang'ono. Ndimafuna mudzionere nokha kuti mtedza ulibe mlandu."

Mbamu imene inali m'dzanja langa inagwera m'mbale. Kunsonga kwa lilime kunali kutayamba kale kuyabwa.

Ndinalavula, ndinavumata madzi, ndinameza mapiritsi oletsa kutupa amene ndimayenda nawo m'chikwama. Ndinaimbira amuna anga, foni n'kumangoitana. Ndinaimbanso, atayankha ndinangoti, "Bwerani, ndadya." Kenaka ndinauyamba wapansi kulowera kumsewu, chifukwa kukhala pansi kudikira sindikanatha. Ku Boma kunali kutali, ndipo ndinkadziwa zimene dokotala ananena. Ndinkayenda ndikumvetsera pammero panga, kupuma kulikonse ndikudzifunsa ngati kotsatira kudutse. Milomo inayamba kulemera. Apongozi ankathamanga pambuyo panga, mpango utagwa, kuseka kuja kutatheratu.

"Kanali kasupuni kamodzi kokha, aphunzitsi! Kamodzi kokha!"

Njinga inatipeza pamphambano. Tinafika kuchipatala kakhweru kaja katayamba kulira, ndipo anandibayanso. Ndinagona komweko. Apongozi anabwera m'mawa mwake pa kabaza, n'kukhala pansi pafupi ndi bedi, akungosisita chitsulo cha bedilo. Ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndiwalalatire, koma nditaona mmene anakalambira tsiku limodzi, ndinangotembenukira kukhoma.

Kumudziko timapitabe. Amandiphikirabe kamphika kangakanga, n'kulumbira pamaso pa mwana wawo kuti mulibe kanthu, ndipo ndikukhulupirira kuti amanena zoona. Ndimasamba m'manja, ndimathokoza, ndimakoka mbale kuibweretsa pafupi. Koma dzanja limakana kufika pakamwa. Iwo amadikira pang'ono, kenaka amatenga mbale ija mwakachetechete n'kukapatsa ana.