Mudzi wa Amayi pa Thabwa la Boti

Sukulu ndinalekera Sitandade 5, ndipo pagulu sindiyankhula. Ngakhale kusikelo akaitana dzina la mwana wanga, ndimayankhira pansi mpaka anamwino amabwereza. Koma chaka chimene ndinkayamwitsa mwanayu ndinachita chinthu chimene amalume anga sanachifune.

Padoko lathu, kufupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja, pankabwera bambo wina wochokera kuboma, wolemba mayina pamaboti ndi penti. Ine ndinkayanika usipa chapafupi, maso ali pamanja ake. Tsiku lina anandisiyira zitini zisanu zotsala penti pansi. Anati penti wamafuta amasungunula ndi parafini, osati madzi, ndipo ukapaka mtundu wina pamwamba pa wosauma, zonse zimasanduka matope. Uyambe ndi zakuda, udikire masiku awiri, zowala zibwere pambuyo. Burashi ndinalibe. Ndinatafuna nsonga ya mswachi mpaka inafewa.

Choti ndijambule sindinachite kufunafuna. Amayi anga anabadwira tsidya la nyanja, ku Mozambiki. Anawoloka ali mtsikana pamodzi ndi amalumewo, nthawi ya nkhondo, mudzi wawo utatenthedwa. Kwathu nkhaniyi sitiikamba. Amalume amati anthu akakumbukira kuti ndife obwera, ayamba kulozera zala munda wathu wa mpunga. Koma tikamapalira chinangwa awiriwiri, amayi ankandiuza pang'onopang'ono za phiri lokhala ngati linunda la ng'ombe, mitengo ya mango itapsa mbali imodzi, nkhokwe zikufuka utsi, chitsime cha m'mudzimo, ndi kanjira kotsikira kumadzi. Chithunzi cha kumeneko analibe ngakhale chimodzi.

Ndinatola thabwa la boti lakale. Ulendo woyamba ndinapupuluma. Ndinaika utsi phiri lisanaume, zonse n'kusanduka ngati phulusa lonyowa. Ndinapala ndi mpeni, ndinayambiranso, mwana ali kumsana, chitenje chikununkha parafini. Anthu sindinaikemo. Ndife Asilamu, zamoyo sitijambula, komanso amayi ankati m'mawa umene anathawawo m'mudzi munalibe kale munthu.

Amalume analipeza thabwalo litatsamira khoma lakuseri, likuuma. Analiyang'anitsitsa. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna kuti mudzi wonse ubwere kudzaona kumene tinachokera. Anati nditenge penti woyera ndifufute lero lomwe, apo ayi aliwaza likhale nkhuni. Amayi anali pamkeka pomwepo akusankha mpunga, osadzutsa mutu.

Ndinagwada monga ndimachitira poyankhula nawo.

"Sindifufuta, amalume."

Anaseka. Anati mwana wolephera kupatsa alendo moni lero wapeza pakamwa chifukwa cha zitini zotola.

"Mukaliwaza ndijambula lina," ndinatero, maso ali pansi. "Matabwa ngambiri kudoko. Mwana wangayu adzakudziwa kwawo kwa agogo ake."

Anatembenukira kwa amayi n'kuwafunsa ngati andilekerere choncho. Amayi anaika lichero pansi, anadzuka, anayandikira thabwalo. Ndinkadikira kuti andiuza ndimvere, ndipo ndinali nditakonzeka kuwakaniranso iwowo, ngakhale kuti chibadwire sindinawakanirepo kanthu. Analoza ndi chala, osakhudza.

"Chitsime sichinali apa. Chinali kumunsi kwa mango awiriwa. Achimwene, ndikunama?"

Amalume anawerama. Anasuzumira pafupi, ngati akufuna nyumba inayake pakati pa zopsazo. Kenako anati chinali kumunsi ndithu, ndipo pambali pake panali mwala wochapira zovala. Anachoka osatsanzika. Za nkhuni sanazitchulenso.

Thabwalo sindinalisiyenso kuseri. Ndinalikoloweka pabalaza, moyang'ana kukhomo, poti aliyense wolowa alione. Lachinayi ndinasuntha chitsimecho, ndinaikanso ndi mwala wake.