Mkulu Womenya Njanji ku Amaramba

Pa dooko lina la nyanja ya Amaramba pali mkulu wosaseka, yemwe anapachika chidutswa cha njanji pamtengo. Chifunga chikatseka nyanja m'mawa, amachimenya ndi nyundo kuti mabwato atsate kulira kwake mpaka apeze mpata wa m'mabango. "Pamadzi maso amanama," amatero, "m'bale wako ndi khutu."

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mayi Asima ankachokera kutsidya pabwato, khanda lili kumbuyo. Atayandikira mabango, chitsulo chija chinangoti zii. Wopalasa anaimika nkhafi. Kutsogolo kunali mbuu, kumbuyo mbuu, ndipo penapake pafupi chinthu chinkapuma mwamphamvu.

"Agogo, menyani!" anakuwa mayiwo.

Palibe anayankha. Patapita nthawi, chitsulo chinalira chakutali kumanzere, komwe kulibe dooko. Anachitsata mitima ili m'mwamba, mpaka bwato linaima m'matope.

Anapeza mkuluyo ali m'madzi ofika m'chiuno, njanji ikulendewera kudzanja, phewa litasupuka poinyamula.

"Mumpata muja muli mvuu ndi mwana wake," anatero. "Ndinakumvani, mayi. Koma ndikanayankha ndili padooko, mukanabwera."