Tsiku Limene Ndinathamanga Zenizeni

Kwathu kuno munthu wamkulu sathamanga popanda chifukwa. Mukamuona ali pa liwiro ndiye kuti chigafa cha fodya chagwira moto, kapena ng'ombe zalowa m'munda, kapena wanyamula uthenga wa maliro. Ine ndi mkazi wanga tinkazidziwa bwino zimenezi, komabe tinayamba kuthamanga, chifukwa adokotala ku Kasungu anamuuza kuti bipi yake yakwera moopsa ndipo mapiritsi okha sangathandize. Tonse tinali aphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale cha ku Chisemphere. Ana athu anali atakula n'kuchoka pakhomo. Ndinkaopa kutsala ndekha m'nyumba ija, ndipo mantha amenewo ndi amene anandituma kukagula nsapato zothamangira pakaunjika, zanga ndi zake.

Loweruka loyamba tinasokoneza mudzi wonse. Amayi amene ankasankha fodya pakhonde anadzambatuka manja ali kumutu. Mkulu wina wa mpingo anatilondola pa njinga mpaka kutipeza pamlatho, ali wefuwefu kuposa ife.

"Aphunzitsi, kwagwanji? Ndani watisiya?"

"Palibe, bambo. Tikungolimbitsa thupi."

Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natembenuza njinga yake. Sabata imeneyo nkhani pachitsime inali ya ife, kuti sukulu ikachuluka m'mutu imazunguza anthu.

Koma anthu amazolowera chilichonse. Pofika chaka chachiwiri tinali ngati tambala wa m'mudzimo: akationa tikudutsa ankadziwa kuti kwacha ndipo ndi Loweruka. Panali bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto amene tinkakumana naye kawirikawiri pamsewu wafumbi. Poyamba ankaima n'kunena kuti, "Kwerani aphunzitsi, mungakomokere panjira." Ine ndinkakweza mkono kumuuza kuti apitirire. M'kupita kwa nthawi analeka kuima. Ankangoliza hutala, ine n'kukweza mkono, iyenso n'kukweza wake, basi moni watha.

Kunena zoona, mkazi wanga sanali wothamanga. Anali wojambula amene ankavala nsapato zothamangira. Mwana wathu wamkazi anamugulira foni ya kamera yabwino, ndiye kuyambira pamenepo kunalibe kuyenda mtunda osaima. Makamaka m'masika, mvula ikatha, udzu ukayamba kufiira, zinkandivuta kumuchotsa kudambo. Ankajambula mitengo ya fodya yotsala yokhayokha masamba atathyoledwa, mpendadzuwa utazolika mitu, akakowa ali ndandanda m'mbali mwa madzi, nkhungu ikukwera pang'onopang'ono. Tsiku lina anachonderera msodzi wa padamu laling'ono kuti amubwereke bwato akajambule maluwa a m'madzi. Anapalasa mpaka thukuta kamukamu, bwato likungozungulira malo amodzi, iye akuseka mpaka misozi.

Ine zinkandipsetsa mtima. Ndine munthu wofuna chinthu chichitike monga tapangana.

"Amayi, tabwera kudzathamanga kapena kudzacheza ndi akakowa?"

"Thamangani inu aphunzitsi, mphotho yonse ikhala yanu," ankayankha choncho, diso lili pafoni.

Ndinkapita patsogolo ndikung'ung'udza, kenako n'kubwerera kudzamutenga. Iye ankandionetsa chithunzi, ine n'kunamizira kuti sindikuchita nacho chidwi. Koma zinali zokongola.

Loweruka lina m'mwezi wa Meyi kunacha ndi kamphepo kozizira. Titafika kudambo anakhala pansi pa mkuyu, ine n'kumayesa waonanso mbalame. Nditayandikira ndinaona nkhope yake yatuwa. Anati pachifuwa pakumanga ndipo mkono wachita dzanzi. Ndinayesa kuimba pa foni yake, koma kudambo kuja netiweki sigwira. Ndinayesa kumudzutsa kuti ndimubereke, anakana, akuti akasuntha ululu ukuwonjezeka.

"Pitani mukaitane njinga. Musandiyang'ane choncho, pitani."

Ndinamusiyira foni m'manja kuti aziyesabe kuimba, ndipo ndinathamanga. Ndinadula m'munda wa fodya, mitengo youma ikundikalakala m'miyendo, chitunda chonse osapuma. Sindinathamangepo chomwecho chibadwire. Nditangotulukira pamsewu, mwayi wanga, njinga yamoto ija inali ikubwera, kumbuyo kopanda munthu. Ndinakweza mikono yonse iwiri. Ndinafuna kukuwa koma mpweya unali utandithera, pakamwa panangotuluka kamphepo.

Analiza hutala, nakweza mkono wake akumwetulira.

"Lero ndiye mwalusa, aphunzitsi!"

Anadutsa. Ndinamuthamangira m'fumbi lake ndikukupiza manja, ndipo ndikukhulupirira kuti pagalasi anandiona. Anaona aphunzitsi akulimbitsa thupi.

Ndinalowa m'mudzi. Amayi aja anali pakhonde lomwe lija, fodya ali pamiyendo. Palibe amene anadzuka. Mmodzi anafuula moseka kuti, "Amadamu mwawataya kuti lero?" ndipo anzake anafa nacho chikhakhali. Ndinachita kugwa m'maondo pamaso pawo, m'pamene kuseka kunatha. Mawu atabwerera ndinanena, mudzi wonse unadzuka, anthu anathamanga ndithu, amuna ndi akazi omwe. Njinga ina inapezeka kugolosale. Koma pofika pamkuyu tinamupeza atagona chammbali, chitenje atadzifunditsa bwinobwino, foni ili m'manja. Thupi linali lofundabe. Anali atatisiya.

Wa kabaza uja ananyamula nawo bokosi. Maliro atatha anabwera kunyumba, nakhala pansi pafumbi, chipewa chili m'manja, akulira ngati mwana. Anati, "Aphunzitsi, ndikanadziwa." Ndinamukwiyira miyezi yambiri, ndipo ndikamva hutala mtima unkandiwira. Koma ndikakhala phee ndinkasowa pomugwira. Anthu aja kale ankadziwa kuti wamkulu akathamanga kwagwa zovuta. Tinawaphunzitsa tokha, Loweruka ndi Loweruka, kuti asamadzidzimuke, ndipo anaphunzira bwino. Adokotala ena anandiuza kuti mwina ngakhale njinga ikanaima sizikanasintha kanthu. Mawu akuti mwinawo ndi amene amandisowetsa mtendere mpaka lero.

Foni ija ndinaiika m'kabati osaikhudza. Masika otsatira mwana wathu atabwera kudzandiona anaitchaja, tinakhala pakhonde n'kumaona zithunzi. Akakowa, mpendadzuwa, mphuno ya bwato, nkhungu. Tinasekako pang'ono. Kenako tinafika pa chomaliza, mwana wanga anagwira pakamwa n'kundipatsa foniyo.

Mkazi wanga anandijambula ndikupita. Chithunzicho n'chopendekeka pang'ono. M'mwamba muli masamba a mkuyu, kutsogolo munda wa fodya, ndipo pakati pa mitengo youmayo pali msana wanga, malaya atanyowa, mwendo umodzi uli m'malere. Sindidziwa chimene ankaganiza. Mwina ankafuna adzandiseke nacho madzulo, kuti onani mmene munkaulukira.

Ndachiyang'ana kambirimbiri chithunzi chimenecho, kufunafuna mantha amene ndinali nawo tsiku lija. Saoneka. Ngakhale ine mwini wake ndikachiona ndimangoona bambo wachikulire akulimbitsa thupi m'mawa wokongola wa masika. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinapita pasiteji, ndinamupeza wa kabaza uja, ndipo ndinamupatsa moni wa padzanja.

Nsapato zake zili kuseri kwa chitseko, matope a kudambo akadali pomwepo. Zanga ndinapatsa mlonda wa pasukulu. Masiku ano ndimangoyenda pang'onopang'ono, kuti tsiku limene ndidzathamangenso anthu adzadzuke.