Ndinadula misangu ya apongozi, banja linagwa nayo

Inu owerenga, banja langa ndinaligwetsa ndekha ndi nkhwangwa, masanasana, ndikuimba mluzu. Mpaka lero ndikaganiza ndimangogwira pakamwa.

Kwathu ndi ku Nsaru. Ndinakwatira Nabanda wa mudzi wina kufupi ndi Kabudula, ndipo ndinakakhala komweko chikamwini. Midzi yathu ndi yoyandikana, pa njinga sutha ndi ola lomwe, choncho sindinaganizepo kuti malamulo angasiyane. Kwathu lamulo la mitengo ndi lachidule: osakhudza ya kumanda ndi ya m'mbali mwa mtsinje. Wa m'munda mwako ndi wako. Ndinakula ndikudziwa kuti mwamuna wakhama amaoneka ndi munda woyera.

Munda wa apongozi anga aakazi, omwe anali amasiye, unali ndi misangu inayi ndi timitengo ta muwanga tophukira pa zitsa. Yonse inali yopakidwa penti yofiira, ine nkumati ndi zizindikiro za malire. Mumtima ndinkaseka kuti pakhomopa panasowadi mwamuna. Kufunsa sindinafunse. Mkamwini sacheza ndi apongozi aakazi, tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire. Mkazi wanganso sindinamuuze, poti ndinkafuna adzadzidzimuke ndi khama langa.

Nabanda ndi mayi ake atapita ku chinkhoswe ku Nambuma, ndinanola nkhwangwa. Masiku awiri okha munda unayera mbee. Mitengo yowongoka ndinaisanja padera kuti ndimangire chigafa cha fodya, kenako ndinakhala pachitsa kudikira kuyamikiridwa.

Nabanda atafika ndi mwana wathu Chisomo kumbuyo, anaponya chitundu pansi, manja nkuika kumutu.

"Mayo ine! Bambo a Chisomo, mwatipha! Kodi penti ija simunaione?"

Apa mpamene ndinamva zomwe sindinazimvepo chibadwire. M'mudzimo mtengo wachilengedwe, ngakhale uli m'munda mwako, sudulidwa komiti ya nkhalango isanabwere kudzauona. Penti ija inali ya komitiyo. Wodula popanda chilolezo, banja lake lonse limaletsedwa kulowa m'nkhalango ya mudzi kwa zaka zitatu: nkhuni ayi, udzu ayi, bowa ayi. Koma chomwe chinandimaliza ndi ichi: wapampando wa komitiyo anali apongozi anga omwewo. Ndinkawaona akupita ku misonkhano, ine nkumati ndi za kutchalitchi.

Pa tsiku la mlandu anthu anadzaza ngati pamaliro. Chaka chapitacho apongozi anali atalanga banja la msuweni wawo pa mlandu ngati womwewu, ndiye aliyense ankafuna aone ngati atakondere mkamwini. Ine ndinagwada nkunena kuti kwathu sititero. Bambo wina wa m'komiti anandidula pakamwa.

"Kwanu nkwanu, akamwini. Nkhwangwayo bwanji simunakaigwiritse ntchito kwanu komweko?"

Apongozi sanakondere. Anagamula okha, maso ali pansi. Tsiku lomwelo ming'oma yawo ya njuchi, yomwe inkawadyetsa chimwalirireni amuna awo, inatsitsidwa m'nkhalango. Mawa lake anatula pansi udindo, ati sangalondere mitengo ya mudzi pomwe ya m'munda mwawo inawakanika. Sindinamvepo manyazi ngati amenewo.

Ndinayesa kukonza. Ndinadzala mbande, ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, koma msangu sukula ndi kupepesa. Mkazi wanga ankaphikira mapesi ndi zitsononkho, maso ali psuu ndi utsi, anzake akudutsa ndi mitolo ya nkhuni. Kumjigo ankamufunsa ngati mwamuna wake watsala ndi mtengo wina woti adule. Mvula itagwa nyumba ya apongozi inayamba kudontha, udzu wofolerera kulibe. Nabanda anasiya kundiyankha, kenako anasiya kundiyang'ana.

Titakolola, atsibweni ake anaitana ankhoswe. Ndinkayembekezera kudzudzulidwa chabe. Anandithokoza mwaulemu chifukwa cha mwana, nkundiuza kuti ndikapume kaye kwathu. Mukudziwa inu tanthauzo lake. Ndinamanga zovala pa njinga, Nabanda osatuluka m'nyumba.

Abale anga, makamaka inu anyamata amene mukukalowa chikamwini, safunsa anadya phula. Mudzi uliwonse masiku ano uli ndi malamulo ake a mitengo, ndipo sadutsa malire. Musanakweze nkhwangwa funsani. Ngati apongozi mukuwaopa, funsani mkazi wanu, ankhoswe, ngakhale mnansi. Ine ndinasunga mwambo wopewa apongozi, koma ndinaphwanya lamulo lomwe ankalisunga iwo, chifukwa chofuna kutamidwa.

Papita zaka ziwiri tsopano. Mwezi wathawu ndinakumana ndi Nabanda pamsika wa Kabudula, atagwira Chisomo padzanja. Anamuuza kuti andipatse moni. Mwana wanga anagwada bwinobwino, nati, "Muli bwanji ankolo?"